Phunziro la Chitukuko: Wachinyamata Waulumali ndi Ntchito Yopindulitsa ku Tsabango

Kalembera wa anthu wa chaka cha 2018 adapeza kuti mwa Amalawi a zaka 5 kupita m'tsogolo, anthu 1,556,670 adali ndi ulumali wa mtundu wina. Amenewa ndi anthu 10 pa 100 alionse. Pafupifupi theka la iwo adali ndi vuto la kuona, pamene ena adali ndi vuto la kumva, kuyenda, kulankhula kapena kuphunzira. Kalembera yemweyo adawerenganso anthu 134,636 a khungu lachialubino. Potengera chiwerengerochi, nkovuta kupeza mdadada ku Area 23, ku Kawale, ku Biwi kapena mudzi wa m'dera la Mfumu Yaikulu Tsabango momwe mulibe wachinyamata waulumali. Komabe munthu akayendera magalaja a ku Biwi, mashopu a atelala, maofesi a ku City Centre ndi mafakitale a ku Kanengo, achinyamatawa sawapeza ambiri. Ochuluka ali pakhomo, akudikira kuti wina awagwire mkono.

Phunziro lino likufotokoza mfundo imodzi. Kawirikawiri chomwe chimalepheretsa wachinyamata waulumali kupeza ntchito si thupi lake, koma zopinga zomwe zili pakati pa khomo la kwawo ndi malo a ntchito. Zambiri mwa zopingazo adaziika ndi anthu, ndipo anthu a m'wadi momwemo angathe kuzichotsa.

Chithandizo si ntchito

Pa 3 December chaka chilichonse dziko lonse limakumbukira anthu aulumali, ndipo pa nyengo ngati imeneyi mipingo ndi mabungwe amagawa ufa, sopo ndi zofunda. Ndondomeko ya Mtukula Pakhomo, yomwe idayambira ku Mchinji m'chaka cha 2006, nayo imathandiza mabanja ovutikitsitsa omwe alibe munthu wotha kugwira ntchito. Zonsezi n'zabwino ndipo zapulumutsa miyoyo. Vuto limadza pamene anthu ayamba kuganiza kuti wachinyamata wa zaka 20, yemwe ali ndi nzeru ndi mphamvu zake, gawo lake m'moyo ndi kulandira basi. Thumba la ufa limatha pa masabata ochepa, koma luso limadyetsa munthu mpaka ukalamba.

Ntchito yopindulitsa imadziwika ndi zinthu zinayi. Choyamba, imapereka malipiro ofanana ndi a anzake ogwira ntchito yomweyo. Chachiwiri, imakulitsa luso, kotero kuti munthu akagwira zaka zitatu amadziwa zomwe sankadziwa poyamba. Chachitatu, siwononga thupi: mnyamata wachialubino yemwe amakhala tsiku lonse padzuwa kugulitsa malonda opanda chipewa kapena mafuta oteteza khungu amapeza ndalama lero, koma ali pa chiopsezo cha khansa ya pakhungu. Chachinayi, imapatsa munthu ulemu ndi mawu pakati pa anzake. Kumukhazika munthu pampando wa pakhomo la ofesi kuti alendo aone kuti kampani ndi yachifundo si kumulemba ntchito. Kutengera m'bale wosaona ku maloboti a m'tauni kuti akapemphetse nakonso si ntchito, ndipo mwana yemwe amamutsogolera amaphonya sukulu, umphawi n'kupitirira ku m'badwo wina.

Zopinga zomwe zili panjira

Chopinga choyamba ndi msewu. Misewu yambiri ya m'makwalala ndi yafumbi, ndipo m'dzinja imasanduka matope ndi zigwembe momwe njinga ya munthu waulumali singadutse. Akafika pa siteji, minibasi zina zimangodutsa poopa kuchedwa, kapena kondakitala amafuna kuti njingayo ilipiridwe ngati munthu wachiwiri. Mtengo wa ulendo ukawirikiza, malipiro a pamwezi amathera panjira.

Chachiwiri ndi nyumba: masitepe pakhomo, chitseko chopapatiza, chimbudzi chomwe munthu woyenda ndi ndodo sangalowemo. Chachitatu ndi uthenga. Mwayi wa ntchito ukalengezedwa pa wailesi pokha, wosamva saudziwa. Ukamatidwa pa bolodi pokha, wosaona sauona. Chachinayi ndi sukulu. Mwana yemwe adasiyira Sitandade 5 chifukwa sankaona zolemba pa bolodi kapena sankamva mphunzitsi amafika pa msinkhu wofuna ntchito alibe satifiketi iliyonse.

Chopinga chachikulu pa zonse ndi maganizo. Alipobe anthu omwe amakhulupirira kuti ulumali ndi tsoka kapena kulodzedwa, kuti khunyu ndi lopatsirana, kapena kuti wogula sangalowe m'shopu momwe akugulitsa ndi munthu wachialubino. Zonsezi n'zabodza. Khunyu silipatsirana ndipo kwa anthu ambiri mankhwala amaletsa kugwa. Chialubino ndi chibadwa chomwe mwana amatengera kwa bambo ndi mayi onse awiri. Makolo ena nawo, chifukwa cha chikondi chosakanizika ndi mantha, salola mwana wawo kuphika, kutumidwa kumsika kapena kukwera minibasi yekha, ndipo amakula osadzidalira. Akuluakulu adati lungalunga n'pobadwa, chilema chichita kudza. Ngozi ya kabaza, matenda a shuga kapena sitiroko zingasinthe moyo wa aliyense, choncho njira yomwe ikonzedwe lero ndi ya onse.

Zomwe malamulo akunena

Wachinyamata waulumali akamafuna ntchito sakupempha chifundo. Gawo 20 la malamulo aakulu a dziko lino, omwe adakhazikitsidwa m'chaka cha 1994, limaletsa kusankha munthu chifukwa cha ulumali, ndipo gawo 29 limapatsa munthu aliyense ufulu wogwira ntchito ndi kupeza zosowa zake paliponse m'Malawi. Lamulo la za ntchito la chaka cha 2000, Employment Act, limaletsa tsankho polemba ntchito, pophunzitsa, pokweza paudindo ndi pochotsa munthu ntchito, ndipo limalamula kuti ntchito yofanana ikhale ndi malipiro ofanana. Ulumali pawokha si chifukwa chovomerezeka chochotsera munthu ntchito.

M'chaka cha 2009 dziko la Malawi lidavomereza pangano la United Nations lokhudza ufulu wa anthu aulumali. Gawo 27 la panganoli limanena za ntchito, ndipo limafuna kuti wolemba ntchito asinthe zinthu zina pamalo pake, mosapyola muyeso, kuti waulumali athe kugwira ntchito. M'chaka cha 2024 lamulo latsopano la anthu aulumali lidalowa m'malo mwa lamulo la 1971 ndi la 2012, ndipo bungwe lomwe ambiri adalizolowera kuti MACOHA lidasanduka MACODA. Kusintha kwa dzinaku kudali ndi tanthauzo: dziko lidasiya kuona anthu aulumali ngati ongosamalidwa, n'kuyamba kuwaona ngati nzika zokhala ndi ufulu.

Munthu akasalidwa pa ntchito ali ndi kopita. Angayambire ku ofesi ya za ntchito ya boma la Lilongwe, komwe amayesa kuyanjanitsa mbali ziwirizo. Zikakanika, nkhani imapita ku khoti loweruza milandu ya za ntchito, Industrial Relations Court. Bungwe loona za ufulu wa anthu la Malawi Human Rights Commission, la MACODA ndiponso ofesi ya Ombudsman, pa nkhani zokhudza maofesi a boma, nawo amalandira madandaulo. Wodandaula asunge umboni: kalata yoitanira anthu ntchito, mauthenga a pafoni, tsiku lomwe zidachitika ndi mayina a omwe adaona.

Kumene luso limapezeka

Lamulo limatsegula chitseko, koma wolowa ayenera kukhala ndi chomwe akudziwa. Bungwe la TEVETA, lomwe lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1999, limayang'anira maphunziro a ntchito zamanja, ndipo ndalama zake zina zimachokera ku msonkho womwe olemba ntchito amapereka. Chaka ndi chaka limaitana achinyamata omwe adakhoza mayeso a MSCE kuti akaphunzire m'makoleji monga Lilongwe Technical College ndi Namitete. Kuyambira m'chaka cha 2015 boma lakhala likutsegulanso makoleji a ntchito zamanja a m'madera. Kwa omwe sadafike Folomu 4 kuli maphunziro aafupi, komanso njira yoyesa munthu yemwe adaphunzira ntchito kwa mmisiri wa m'dera kuti apatsidwe satifiketi pa luso lomwe ali nalo kale.

Anthu a ku Tsabango ali ndi mwayi woti sukulu zina zili pafupi. Ku Area 23 kuli Don Bosco Youth Technical Institute, komwe amaphunzitsa ntchito monga ukalipentala, zomangamanga, zamagetsi, kukonza magalimoto, kusoka ndi makompyuta. Ku Area 24 kuli sukulu ya ntchito zamanja ya SOS. Bungwe la MACODA lili ndi Lilongwe Vocational Training Centre, Kamuzu Vocational Rehabilitation and Training Centre ku Magomero m'boma la Chiradzulu, ndi fakitale yoluka ndi kuwomba nsalu ku Bangwe mu mzinda wa Blantyre. Wofuna malo apite yekha kapena ndi m'bale kukaona sukuluyo asanalipire: afunse za makalasi, zimbudzi, kogona ndi momwe mayeso amalembedwera.

Pali chizolowezi chotumiza wachinyamata aliyense waulumali ku utelala kapena kusoka nsapato. Ntchitozi n'zaulemu ndipo zalera mabanja, koma si onse omwe mtima wawo uli komweko, ndipo m'dera limodzi atelala akachuluka makasitomala amachepa. Posankha luso munthu adzifunse mafunso atatu: chomwe amakonda, chomwe thupi lake lingachite tsiku lonse popanda kuvulala, ndi chomwe anthu a m'dera akulipira. Mnyamata woyenda pa njinga angakonze mafoni, kuwerengera ndalama kapena kuphunzitsa. Mtsikana wosamva angakhale katswiri wophika, wokonza tsitsi kapena wojambula zikwangwani pa kompyuta. Wosaona angagwire ntchito ya muofesi pogwiritsa ntchito pulogalamu yowerenga mokweza zomwe zili pa kompyuta, monga NVDA yomwe ndi yaulere, ndipo mafoni ambiri a Android ali ndi TalkBack yomwe imachita chimodzimodzi.

Zipangizo zothandizira nazo ndi gawo la kukonzekera. Bungwe la Malawi Against Physical Disabilities, lomwe kale linkatchedwa Malawi Against Polio, limathandiza pa njinga ndi ndodo zoyendera, ndipo ku chipatala chachikulu cha Kamuzu kuli malo opangira miyendo ndi manja oikirira. Mafuta oteteza khungu la anthu achialubino amafunsidwa ku zipatala za boma.

Pofunsira ntchito

Wofuna ntchito akhale ndi chiphaso cha unzika, masatifiketi ake ndi kalata yofotokoza mbiri yake mwachidule. M'kalatamo atsogoze luso, osati ulumali. Mwini galaja amafuna kudziwa ngati munthu angamasule injini. Mwini shopu amafuna kudziwa ngati ndalama zidzakwana madzulo. Ngati ali ndi ntchito yomwe adapangapo, monga diresi, mpando kapena zithunzi za nyumba yomwe adaikamo magetsi, aitenge. Chinthu chooneka ndi maso chimathetsa kukayika msanga kuposa mawu.

Akaitanidwa ku mayeso a ntchito, ndi bwino kunena pasadakhale chomwe angafune: chipinda chapansi, womasulira chinenero chamanja, mafunso olembedwa m'zilembo zazikulu kapena za Braille. Olemba ntchito ambiri amaopa chifukwa sadziwa, ndipo amaganiza kuti kusintha kulikonse n'kodula. Wachinyamata akafotokoza yekha modekha momwe amagwirira ntchito, manthawo amachepa. Kusendeza tebulo kufupi ndi khomo, kupereka malangizo polemba pa WhatsApp m'malo mofuula, kapena kulola munthu kupita kuchipatala kamodzi pamwezi kukatenga mankhwala, zonsezi sizigwetsa bizinesi.

Ntchito ikapezeka, wogwira ntchito apemphe kuti mfundo za mgwirizano zilembedwe: udindo, malipiro, maola ndi tchuthi. Lamulo limati maola a ntchito a nthawi zonse asapitirire 48 pa sabata, ndipo malipiro asatsike pa mlingo womwe boma limalengeza. Pa penshoni, wolemba ntchito amaika 10 kwacha pa 100 kwacha iliyonse ya malipiro, wogwira ntchito n'kuika 5 kwacha. Achenjerenso ndi anthu omwe amati apatsidwe ndalama kuti amupezere malo, ndipo atsikana adziwe kuti bwana wofuna chibwenzi posinthana ndi ntchito akuphwanya lamulo.

Kudzilemba ntchito

Ntchito zolembedwa n'zochepa kwa achinyamata onse, choncho ambiri adzadalira bizinesi zawo. Apa mdani wamkulu ndi kusowa mpamba. Magulu a banki mkhonde ndiwo khomo loyamba, koma ena amakana munthu waulumali poganiza kuti sadzabweza ngongole. Gulu loganiza bwino limayang'ana momwe munthu amasungira masheya ake sabata ndi sabata, osati momwe amayendera. Bizinesi monga ya Airtel Money ndi TNM Mpamba, kuweta nkhuku, kugulitsa kaunjika wooda kumsika wa Tsoka, kuphika mandasi kapena kukonza njinga za kabaza ingayambe ndi ndalama zochepa, bola mwini wake alembe zolowa ndi zotuluka ndi kusiyanitsa ndalama za bizinesi ndi za ndiwo.

Mutu umodzi susenza denga. Achinyamata atatu, wina wodziwa kusoka, wina wodziwa kuwerengera, wina wotha kuyenda kukasaka maoda a yunifolomu m'sukulu, angapite patali kuposa aliyense payekha. Ndi bwinonso kulowa m'mabungwe a anthu aulumali omwe ali pansi pa FEDOMA, yomwe idakhazikitsidwa m'chaka cha 1999: Malawi Union of the Blind ya osaona, MANAD ya osamva, APAM ya anthu achialubino ndi PODCAM ya makolo a ana aulumali. Uthenga wa maphunziro ndi mwayi wa ntchito kawirikawiri umadzera m'mabungwe amenewa.

Omwe adatsogola

Malemu Rachel Kachaje a ku Kasungu adadwala poliyo ali mwana. Adagwira ntchito yolandira matelefoni ku National Bank of Malawi, adathandiza kukhazikitsa FEDOMA, ndipo m'chaka cha 2013 adasankhidwa kukhala nduna yoona za anthu aulumali ndi okalamba. A Overstone Kondowe, omwe adatsogolerapo APAM, adapambana pa chisankho chapadera ku Nkhotakota North East m'chaka cha 2021, n'kukhala phungu woyamba wachialubino m'dziko muno. Woyimba Lazarus Chigwandali ankayimba m'misewu ya Lilongwe ndi banjo yopanga yekha, kenaka m'chaka cha 2019 adatulutsa chimbale chomwe chidamveka kunja kwa dziko. Si aliyense adzakhale nduna kapena phungu, ndipo waulumali safunika kuchita zodabwitsa kuti ayenere ntchito. Phunziro la m'mbiri zawo n'lakuti aliyense adayamba ndi luso limodzi, ndipo padapezeka munthu yemwe adayang'ana lusolo.

Udindo wa anthu a m'wadi

Makolo atumize mwana kusukulu msanga, amuphunzitse ntchito zapakhomo ngati ana ena, ndipo akafika zaka 16 amutengere chiphaso cha unzika. Ndalama ya fizi ikachepa, asathamangire kusiyitsa waulumali kuti anzake apitirize, pakuti iyeyo ndiye adzafune satifiketi koposa.

Amisiri ndi eni mabizinesi a ku Biwi, Kawale ndi Area 23 angachite chinthu chimodzi chooneka: kulandira wophunzira ntchito mmodzi waulumali kwa miyezi itatu, n'kumuweruza potengera ntchito ya manja ake. Oyendetsa minibasi ndi makondakitala akumbukire kuti mphindi ziwiri zodikira wokwera zingakhale kusiyana kwa kukhala pa ntchito ndi kuchotsedwa.

Mafumu, atsogoleri a midadada ndi makomiti a chitukuko ali ndi udindo waukulu. Lamulo la maboma ang'onoang'ono la chaka cha 1998 lidabweretsa mphamvu ku anthu, ndipo mapulani a khonsolo amayambira pa zomwe makomiti apempha. Komiti iliyonse idziwe achinyamata aulumali a m'dera lake ndi luso lawo, ndipo kaundulayo asungidwe mosamala, makamaka mayina a anthu achialubino, poganizira za chitetezo chawo. Mmodzi wa iwo akhale m'komitimo kuti adzilankhulire okha. Pomanga msika, kiyosiki ya madzi, kalasi kapena chimbudzi, komiti ionetsetse kuti pali njira yotsetsereka ndi chitseko chachikulu ntchito isanayambe, chifukwa kugumula pambuyo n'kodula. Pogawa mabenchi mumsika, ena a pafupi ndi chipata asungidwire ovutika kuyenda. Polemba anthu ntchito zachitukuko, pakhale malo a wolemba kaundula, wosunga zipangizo kapena wosamalira nazale ya mitengo. Uthenga uliwonse wa mwayi uperekedwe m'njira ziwiri, pakamwa ndi polemba. Nkhani zimenezi zikatulidwe kwa khansala wa wadi komanso ku maofesi a zachisamaliro cha anthu, achinyamata ndi za ntchito ku khonsolo.

Masomphenya a Malawi 2063 amanena za dziko lodzidalira ndi chuma chophatikiza aliyense. Wadi yomwe yasiya munthu mmodzi pa anthu 10 alionse pakhonde yataya manja omwe akadalipira lendi, kugula kumsika ndi kuphunzitsa ana.

Mafunso okambirana pa msonkhano wa komiti

1. Kodi m'mdadada kapena m'mudzi muno muli achinyamata aulumali angati a zaka 15 mpaka 35, ndipo ndi angati omwe ali pasukulu, pa ntchito kapena pa bizinesi?

2. Kuchokera pakhomo pawo kukafika pa siteji ya minibasi kapena kumsika, ndi malo ati omwe sangadutse, ndipo ndi ati omwe anthu angakonze okha ndi makasu ndi njerwa?

3. Ndi amisiri ati a m'dera omwe angavomere kulandira wophunzira ntchito waulumali chaka chino, ndipo ndani apite kukakamba nawo?

4. Kodi magulu a banki mkhonde a m'dera ali ndi mamembala aulumali? Ngati alibe, chifukwa chake n'chiyani?

5. Pa ntchito zachitukuko zomwe komiti yapempha ku khonsolo, ndi iti yomwe iyenera kuunikidwanso kuti aliyense adzathe kulowamo ndi kuigwiritsa ntchito?